Timaenje pa Gitala ya Wedisoni

Sunthirani uko, a Layisoni, anzathuwa aone moto nawonso. Ponyanipo thabwa lina, magetsi awa sabwera msanga. Inu mwafunsa chifukwa chimene ndinalembera pachitseko kuti kuno timapenta magalimoto okha basi. Khalani pansi ndikuuzeni. A Layisoni ndi awa, amawotcherera zitsulo m'shedi yoyandikana ndi yangayi, ndikanama anditsutse pompano.

Ine ndayamba kuwongola ndi kupenta magalimoto pano pa Biwi m'mutumu muli tsitsi. Minibasi imabwera itagubuduzika, yofinyika ngati chitini cha sopo, n'kuchoka ikunyezimira, mwini wake osadziwanso pamene panali bala. Dzanja langali silinama. Koma kathabwa kamodzi, kochepa ngati thireyi ya tiyi, kanandikwana mpaka ndinatsala pang'ono kusiya ntchito.

Unali mwezi ngati uno, wa Juni, kukuzizira chonchi. M'mawa wina kunafika mayi ndi mwana wake wamkazi, atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje. Mayiyo ndinkamudziwa, Nankhoma wa ku Kawale, mkazi wa malemu Wedisoni. Achikulirenu mukumukumbukira Wedisoni, wamtali uja ankaimba gitala m'mabala a ku Mchesi. Munthu ameneyo sankanena chinthu ndi pakamwa. Akafuna ndudu sankapempha, ankangoyang'ana thumba lako la malaya mpaka iwe wekha uchite manyazi. Atamwalira, abale ake anabwera ndi lole n'kusesa m'nyumba monse, ndi mbaula yomwe. Gitala yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa tsikulo inali kwa mnzake woimba ng'oma.

Nankhoma atamasula chitenje, ndinagwira pakamwa. Inali gitala ya magetsi, yofiira kale lake, koma inaona zinthu. Pamene pankagona mkono penti anali atatheratu, thabwa litada ndi thukuta. Kumbuyo kunali kokandikakandika ndi chitsulo cha lamba. Pakona panali dzenje la botolo limene wina anaponya m'bala, ndipo m'mphepete munali zipsera za ndudu.

"Mayi, kuno n'kwa magalimoto," ndinatero. "Pitani nayo kwa akalipentala."

"Tachokera komweko, bambo Gwaza. Atiuza kuti wodziwa kusalaza ndi kupopera penti pa Biwi ponse ndinu."

Mwaona mmene amatigwirira? Mawu amenewo ndi amene anandipweteketsa.

Kenaka Nankhoma anafotokoza. Anali kukwatiwanso, ndi a Thawale ogulitsa nyama mumsika wa Kawale. A kwa malemu anali atamusudzula kalekale, panalibe mlandu. Chinkhoswe chinali kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo akatero iye ndi mwana asamukira kwa a Thawale. Koma a Thawale anali atanena mawu pamaso pa ankhoswe: mwana akumulandira ndi zake zonse, koma chinthu cha malemu chisalowe pakhomo pawo.

Musawaone ngati munthu woipa a Thawale. Tonse tikudziwa kuti mkazi akamalowa m'nyumba ya mwamuna wina, za malemu zimatsala kunja. Komanso iwo anaika m'manda mkazi wawo woyamba, ndiye ankaopa kusonkhanitsa akufa awiri pansi pa denga limodzi. Ankhoswe atawachonderera, anafewako pang'ono. Anati gitalayo ikasanduka yatsopano, yoyera mbee, popanda ngakhale kachipsera kamodzi ka malemu, ailandira. Adzabwera okha kudzaisisita ndi dzanja. Akadzapeza kanthu, ibwerere kwa abale a malemu, omwe aja a lole.

Nthawi yonseyi mwanayo, Ndaona, anali atagwira khosi la gitala. Anali mtsikana wamkulu ndithu, wamtali ngati bambo ake, ndipo ndi iye ankaiimba kukwaya ya kutchalitchi kwawo.

"Ankolo," anatero, "ndilibe china chilichonse cha adadi. Ngakhale chithunzi anatenga."

Ndinati, "Mwanawe, usade nkhawa. Ka ntchito aka n'kakudya tiyi asanazizire."

Ndaona anamasula yekha nsambo, khosi ndi timawaya tonse ta magetsi. Tizitsulo ndi nsambo anaziika m'chigoba cha majarini, ine n'kuchiika pashelefu apo. Ndinatsala ndi thupi lokha la gitala.

Ndinayamba monga ndimayambira pa chitseko cha galimoto. Ndinakwecha penti yense wakale ndi sandipepa wokhakhala mpaka thabwa linaonekera. Fumbi lake linkanunkha mowa ndi utsi, ngati bala ya m'mawa asanakolope. Kenaka ndinasakaniza fila, phala lija timamatira mabala a galimoto, ndi hadina wake woumitsa, n'kumamata ndi kapulasitiki kanga kodula ku chigubu. Kapulasitiki kameneko ndinakhala nako zaka, kanazolowera dzanja langa. Ndinamata dzenje la botolo, zokanda za lamba, zipsera za ndudu, ndi pamkono paja. M'mphepete mwa m'munsi munali timaenje ting'onoting'ono, todzaza litsiro, tosaoneka bwino n'komwe. Ndinangopakapo ndi nsonga, osaganizako kawiri. Fila atauma ndinakwecha ndi sandipepa wofewa, ndinatsinzina n'kuyendetsapo chikhatho, chifukwa maso amanama koma chikhatho ayi. Panali see paliponse. Ndinaisiya pabenchi, ndinakhoma loko n'kumapita kunyumba ndikuimba kamluzu.

M'mawa ndinayendetsanso chikhatho. Pabotolo see. Palamba see. Pamkono see. Nditafika m'munsi muja, chala chinakodwa. Timaenje tija tinali totseguka ngati sindinatikhudze. Pabenchi panali nyenyeswa za fila, osati zomwazika ayi, zitaunjikidwa pamodzi bwinobwino ngati kamulu ka mchere pamsika.

Ndinati ndi kuzizira, kapena hadina anachepa. Ndinamatanso, hadina wambiri. M'mawa mwake chimodzimodzi, timaenje totseguka, kamulu pabenchi. Ndipo kapulasitiki kanga kanali katasowa. Ndinagudubuza zitini zonse, ndinakwawa pansi pa benchi, ndinatukwana mpaka akazi ogulitsa nthochi kunjaku anasiya kucheza. Osakapeza.

Ndiye ndinati ndi makoswe. Ndinabwereka msampha kwa a Layisoni, ndinaikamo usipa, gitala ndinaipachika ndi waya kudenga, pakatikati, poti khoswe sangafike pokhapokha atamera mapiko. Kutacha, usipa unali momwemo. Gitala inali pawaya pomwepo, koma inkazungulira pang'onopang'ono, kupita uku, kubwerera uku, chonsecho m'shedi munalibe mphepo. Timaenje totseguka. Kamulu pabenchi, kutali ndi pamene gitala inapachikidwa. Ndipo munkamveka fungo la ndudu.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. M'shedi muno muli thina wosungunulira penti, muli penti, munthu akayatsa machesi tonse tipita kumwamba tisanalape. Ndinatuluka n'kuwapeza a Layisoni akuwotcherera geti.

"A Layisoni, mukafuna kusuta muzisutira kwanu! Ndani wakupatsani kiyi wanga?"

Anakweza chigalasi chawo chotchinga kumaso n'kundiyang'ana. "Ine ndinasiya fodya chaka cha njala, a Gwaza, mukudziwa. Mufunseni kasitomala wanu uja."

"Kasitomala uti?"

"Wamtali uja amabwera masana, inu mukapita kuchiwaya. Amakhala pakileti, nkhope kuyang'ana kukhoma."

"Ine ndikamapita kukadya ndimakhoma loko."

"Ee, mumakhoma," anatero a Layisoni. "Ine ndimamuonera pa mng'alu wa malata." Atatero anadzidzimuka, ngati akumva kumene zimene anena. Kenaka anatsitsa chigalasi chija, ndipo tsiku limenelo anaweruka msanga. Mukuseka chiyani, a Layisoni? Simunaweruke?

Ine zamizimu sindinkazipatsa mpata. Ndinati vuto ndi fila, safuna thabwa, ndi wa chitsulo. Ndinapita kwa akalipentala kukatenga guluu wa matabwa, ndinasakaniza ndi utuchi wosefa. Anakolokotedwa. Ndinasema timitengo tonga zotokosera m'mano n'kukhomerera m'timaenjemo ndi guluu. M'mawa ndinatipeza pabenchi titandandalikidwa pamzere, ngati wina amafuna kundisonyeza kuti sanataye ngakhale kamodzi. Zimenezo ndi zimene zinkandiwawa kwambiri, ulemu wakewo. Wakuba amaba n'kuthawa. Uyu ankakonza pamalo akamaliza.

Ndaona anadzera tsiku lina akuchokera kukwaya. Ndinagwira gitala chikhatho chili pa timaenje paja.

"Ankolo, yasalala bwanji! Ngati si yomweyo."

"Zikuyenda, mwanawe. Kwangotsala pang'ono."

Anamwetulira n'kumapita. Masiku ankatha, ndipo ndinkadziwa dzanja la munthu wogulitsa nyama. Dzanja limene limapeza kafupa m'kati mwa mnofu silingaphonye dzenje pa thabwa.

Ndinagula guluu wa zitsulo, wosakaniza ziwiri uja, amene timamatira thanki ya petulo. Ndinamata masana dzuwa lili pamutu, ndinakhala pakileti n'kumayang'anira ngati mayi wodikira mphika. Magetsi anali atathima, Biwi yonse ili zii, popanda phokoso la kompuresa kapena galainda. Guluu atauma ndinayesa ndi nsonga ya mpeni, mpeni unaterereka. Ndinati eya, tione tsopano. Ndinatuluka kupita kuseri kukataya madzi.

Ndili kuseriko ndinamva. Kwe. Kwe. Kwe. Pang'onopang'ono, mosafulumira, ngati chikhadabo chikukanda nkhanambo. Ndinathamanga zipi ili yotsegula. Nditangoponda pakhomo, phokoso linaleka. Gitala inali pabenchi pamene ndinaisiya, kadzenje kamodzi katatseguka kale, tina tisanakhudzidwe. Ndinali nditamusokoneza ali pakati pa ntchito. Ndipo pashelefu, m'chigoba cha majarini chija, munkamveka kulira kwapansipansi, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndinatsegula. Munali nsambo zopindidwa ndi tizitsulo basi. Nditatseka, kulira kunapitirira.

Tsitsi ndilibe, koma lomwe latsala m'mbalimu linaima.

Madzulo amenewo ndinati gitala iyi sigona muno. Ndinamatanso, ndinaiika m'thumba la saka n'kunyamuka nayo kupita kunyumba ku Chilinde. Pasiteji panali fumbi, dzuwa likulowa, anthu ali piringupiringu. Kutsidya kwa msewu kunaima munthu wamtali. Nkhope sindinaione, dzuwa linali kumbuyo kwake. Sankaimitsa minibasi, sankalankhula ndi munthu. Ankangoyang'ana thumba langa. Ndinalisamutsira kudzanja lina, mutu wake unatsatira. Kuyang'ana kumeneko ndinkakudziwa, kunandithera ndudu zambiri pamene ndinkasuta.

Minibasi itafika ndinakhala mzere wakumbuyo, tinalipo atatu. Mukuwadziwa makondakitala a kuno, munthu amamupanikiza ngakhale pa injini. Uyu anasuzumira, anawerenga ndi chala n'kunena kuti, "Kumbuyo kwakwana, amayi dikirani ina." Pakati pa ine ndi zenera panali malo a munthu, ndipo mbali imeneyo ya thupi langa inazizira njira yonse.

Kunyumba mayi a ana anandilandira ndi mphuno. "Mwayambiranso fodya?"

"Sindinasute ine."

"Nanga m'thumbamo muli chiyani?"

Nditawauza, sanafune kumva zambiri. "Gitala ya munthu wakufa, m'nyumba mwanga? Inu a Gwaza, mutu wanu ukugwira? Anzanu akuikana pakhomo pawo, inu ndiye mwaona kuti kuno n'kumanda? Kaisiyeni kukhitchini, ndipo mawa ndisaione."

Ndinaisiya kukhitchini ya panja, ndinatsekera ndi mtondo. M'mawa mkazi wanga potsegula chitseko cha nyumba kuti akasese, anakuwa. Pakhonde, pakati penipeni pa khomo, panali kamulu kaja.

Ndinabwerera nayo kuno wapansi, sindinafunenso minibasi. Ndinaiponya pabenchi, ndinatseka chitseko, ndipo ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinakalipira kileti yopanda munthu.

"Iwe Wedisoni! Ndikudziwa kuti ndiwe. Ukudziwa chimene ukuchita koma? Ine sindikukuchotsa chifukwa chodana nawe. Timaenje iti tikatsala, gitala ikupita kwa abale ako a lole aja, akaigulitsa tsiku lomwelo. Ukumulanda mwana wako yemwe! Unali wouma mutu uli moyo, ndi kumandanso? Dzenje la botolo walilola. Pamkono pako penipeni, pamene unakhuthulira thukuta zaka zonse zija, wapalola. Ndiye tizinthu iti tili ndi chiyani? Ngati uli ndi mawu, nena! Kamwa unapita nalo!"

Zii. Chigoba chokha pashelefu chinkalira. A Layisoni akuti anamva zonse, ndipo anaganiza zokaitana mkazi wanga.

Chinkhoswe chinali chitayandikira, ndipo uthenga unabwera kuti a Thawale afika madzulo a tsiku lomwelo kudzaona. Nzeru zinali zitandithera. Ndinati bola ndipopere pulaima, penti wotuwa woyambirira uja, wokhuthala, mwina angakwirire. Ndinapopera kawiri. Atauma ndinachita zimene timachita pa galimoto iliyonse tisanapake penti weniweni: ndinawaza penti wakuda pang'ono chabe, ngati nkhungu, kenaka n'kukwecha ndi sandipepa wa madzi. Pamene pali posalala, wakudayo amachoka. Pamene pali kadzenje, amatsalira. Ndi mmene thabwa kapena chitsulo chimaululira zimene chabisa.

Thupi lonse linatuluka lotuwa, loyera bwino, popanda kadontho. Koma m'munsi muja munatsala timadontho takuda bii, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinationa bwinobwino. Sitinali tomwazika ngati ta anankafumbwe. Tinali pamzere wokhota. Ndinatembenuza gitala, kuseri kunalinso mzere wina woyang'anizana nawo. Anali mano. Osati a khoswe, ine mano a khoswe ndimawadziwa. Kanali kakamwa kakang'ono, konga ka munthu, kosakwana ndi zala zanga ziwiri.

Ndinaiika pansi mwaulemu n'kutuluka panja. Wedisoni ndinkatha kumukalipira, ndinkamudziwa. Koma kanthu kakang'ono ka mano, koluma thabwa m'shedi mwanga, ayi ndithu. Anandipeza nditakhala padzuwa pa tayala, Nankhoma, Ndaona ndi a Thawale, atavala chipewa ndi jekete la kutchalitchi.

"Mwaswera bwanji, a Gwaza? Ntchito yatha?" anafunsa a Thawale.

"Bambo, ndisakunamizeni. Lowani muone nokha."

A Thawale anaima kaye pakhomo n'kununkhiza. Ananyamula gitala n'kuyamba kuisisita, pang'onopang'ono, monga amachitira posankha ng'ombe. Kutsogolo, kumbuyo, pakona pa botolo. Ankagwedeza mutu movomereza. Ndaona anali ataluma mlomo. Kenaka chala chawo chachikulu chinafika m'munsi n'kuima.

"Nanga apa?"

"Apo pakana," ndinatero. "Ndayesa fila, ndayesa guluu wa mitundu yonse. Ndikamata, m'mawa ndimapeza patatseguka. Zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinanenepo mawu awa, koma ndalephera."

A Thawale anaibweza pabenchi msanga n'kupukuta chala pa jekete. "Mwamva nokha, amake Ndaona. Chinthu chikukana kuchoka. Ine ndinanena pamaso pa anthu, ndipo sindikuchitira nkhanza. Ndikuopa."

Ndaona anayala chitenje chija pabenchi kuti akulunge, misozi ikugwera pa pulaima wanga. Ndikuuzani, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndipo mumtima ndinkamutukwana Wedisoni, kuti waona tsopano, wasangalala?

"Taima kaye," anatero Nankhoma.

Anali asanaiyang'anitsitse gitalayo chimwalirire mwamuna wake, ankati imamupweteka m'maso. Tsopano anawerama, anayang'ana timadontho takuda tija, anatembenuza n'kuyang'ananso kuseri. Kenaka anaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka anagwira benchi. Ndinati mayiyu wazungulira mutu. Kusekako kunasanduka kulira tisanadziwe n'komwe.

"Mayo ine, ndinaiwala," anatero. "Ndaona, awa ndi mano ako."

"Anga, amama?"

"Ako. Pamene unkamera mano unkalira usana ndi usiku, anthu a pa lendi anatsala pang'ono kutithamangitsa. Tinayesa chilichonse. Tsiku lina bambo ako atakhala pamphasa akuyeserera nyimbo, iwe unakwawa n'kuluma gitala apa. Ine ndinati ndikuchotse, iwo anangondiyang'ana, mukudziwa mayang'anidwe awo aja. Anapitiriza kuimba iwe uli chilumire. Kaya thabwa likamanjenjemera linkakukanda m'nkhama, kaya, koma unatonthola. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse asanapite kubala ankakhala pansi, iwe n'kuluma, iwo n'kumaimba mpaka ugone. Kuntchito ankachedwa chifukwa cha iwe."

M'shedi munali zii, kupatula chigoba chija. A Thawale anayandikiranso. Anayang'ana timano tija nthawi yaitali.

"A Gwaza," anatero, "pamene panali zipsera za fodya ndi pati?"

Ndinawalozera. Anasisita. See.

"Pamene pankagona mkono wawo?"

Ndinawalozera. See.

"Zimenezi sizinakuvuteni?"

"Ngakhale tsiku limodzi. Ndinamata kamodzi basi."

Anavula chipewa. Sanayang'ane ine kapena Nankhoma, anayang'ana chakukileti, ngakhale palibe anawauza za kiletiyo. "Ndiye kuti mwini wake zake wachotsa yekha," anatero motsitsa. "Wasiya za mwana." Kenaka anatembenukira kwa Ndaona. "Ine ndinati ndikukulandira ndi zako zonse. Mano ndi ako. A Gwaza, pentani, koma apa musatsekepo."

Atangotero, chigoba pashelefu chinaleka kulira. Ndi pamene ndinazindikira kuti chinali chisanalekepo chiyambire tsiku lija, makutu anga anali atangozolowera. Bata lake linali lolemera, tonse tinayang'anana. Kenaka kanthu kanagwa kuchokera kudenga, pha, pabenchi. Kanali kapulasitiki kanga, kotsukidwa bwino, kopanda fila ngakhale pang'ono.

Ndinapenta kutacha. Penti woyera anagona ngati mafuta, popanda kutsetsereka, popanda ngakhale kantchentche kodzatera. Pa timano paja ndinangodutsa mopepuka, ndipo tinkaoneka bwino, timizere tiwiri. Ndaona anabwera ndi mayi ake kudzatenga. Anabwezera khosi ndi nsambo ali pompano, anakhala pakileti yomweyo, koma sanaimbe. Ankangoyendetsa chala m'timaenje muja.

"Amama, nanga adadi osandiuzako bwanji? Zaka zonse zija."

"Bambo ako ananenapo chiyani ndi pakamwa?" anatero Nankhoma. "Ngakhale kundifunsira sanandifunsire. Anangoima pampopi n'kumandiyang'ana mpaka ndowa inasefukira."

Ndiye ndi zimenezo. Atangochoka ndinatenga penti wotsala n'kulemba pachitsekopo. Ine mpaka lero mtima sunaphwe, ndisakubisireni. Munthu wamkulu ndithu, kundithera chitini chonse cha fila, kundikanganitsa ndi mkazi wanga, kundithamangitsa zipi ili yotsegula pamaso pa akazi a nthochi, chonsecho akanangonena mawu awiri. Koma Lamlungu lina ndinapita kutchalitchi kwawo ku Kawale, ine amene sindipitapita. Ndinamuona Ndaona kutsogolo ndi gitala yoyera mbee. Nyimbo isanayambe, anatsitsa dzanja n'kugwira m'munsi muja, monga mwana amagwirira chala cha bambo ake powoloka msewu.